Njere Zakuda M'kabotolo ka Mankhwala

Mkazi wanga kwawo ndi ku Thyolo, kumtunda kozizira. Titakwatirana anatsikira kuno kwa Makhuwira ndi katundu wochepa, koma pansonga ya chitenje anamangapo njere za maluwa a mayi ake. Ndi timaluwa tapinki, m'mphepete mwake ngati modula ndi sizasi, masamba owonda otuwa, awiriawiri pa mfundo iliyonse. Dzina lake sitilidziwa mpaka lero, timangoti maluwa a amayi.

Kutentha kwa kuno sikuwalola kukhala chaka chonse. Iye ankafesa mu Epulo m'ndowa yobooka kuseri kwa nyumba, ndipo dzuwa la Okutobala lisanawaotche ankakolola njere n'kusunga. Akanangophonya chaka chimodzi mtundu ukanatha, chifukwa apongozi anga anamwalira ndipo pakhomo pawo anthu anadzalapo nthochi. Ine ndinkamuseka kuti munthu wanzeru sangapope madzi pamjigo n'kukathirira chinthu chosadyeka.

Ine ndimalima anyezi kudimba, ndipo ndine wopupuluma chibadwire. Chaka china ndinagula mbewu ku Chikwawa, pepala lake n'kung'ambika m'thumba la malaya. Nditafika kunyumba ndinapeza kabotolo ka mankhwala pawindo, kali ndi njere zakuda pansi. Ndinati izi ndi zotsala za chaka chatha, ndinathiramo zangazo, n'kukhutchumula bwinobwino. M'mawa mwake ndinakafesa panazale.

Masana ndikubwerako ndinapeza mkazi wanga akusuzumira pansi pa bedi.

"Bambo, kabotolo kanali pawindo kaja mwakaona?"

Ndinakatulutsa m'thumba. Munali mutatsala njere zongokwana kutsina ndi zala ziwiri. Sanakalipe, ndipo chimenecho ndi chomwe chinandipweteka. Anangotenga lichero, n'kuyalapo pepala loyera, n'kukhuthulirapo.

"Khalani apa muone, poti maso muli nawo."

Ndi kamtengo ka machesi anayamba kupatula imodziimodzi. Ya anyezi ndi yonenepa, ya ngodya, yamakwinya, ndipo ukaikankha imagubuduka. Ya duwa ndi yophwatalala ngati mamba a nsomba, mbali imodzi yolowa m'kati pang'ono, pakati pali kadontho. Ukaikankha imangotsetsereka. Zaka zonsezo ndakhala ndikufesa anyezi koma ndinali ndisanayang'anepo njere yake pafupi chonchi. Titamaliza, za maluwa zinapezeka zisanu ndi ziwiri zokha. Anazifesa m'ndowa muja, zinamera ziwiri, ndipo zinali zonyozoloka. Ndinachita manyazi kwambiri.

Chiyembekezo chinatsala panazale panga. Anyezi amatuluka ngati kasingano kopindika, ndiye chilichonse chomera ndi masamba awiri chinali duwa kapena udzu wachabe. Vuto linali lakuti bonongwe ndi zitsamba zina nazonso zimayamba ndi masamba awiri. Ndinaleka kupalira. Mnzanga wa dimba loyandikana, Msena wosasunga mawu m'kamwa, anaima n'kuyang'ana thengo langalo.

"Xamwali, mwayamba kulimira mbuzi chaka chino?"

Ndinamuyankha kuti adikire. Patatha masabata atatu zinayamba kudziulula zokha: masamba owonda otuwa, awiri moyang'anizana, tsinde lotupa pa mfundo. Ndinkazula udzu nditagwada, ndi zala ziwiri, ngati ndikuchotsa minga m'phazi. Powokera anyezi ndinapatula mzere umodzi wakumapeto, kumene chinyontho cha Shire sichichoka, n'kuwokeramo maluwawo. Mkazi wanga sindinamuuze, ndinkaopa kumulonjeza zinthu zoti mwina zifa. Iye nthawi imeneyo anali wotanganidwa ndi kukolola mpunga, kudimba sankafikako.

Mu Julayi mzere wonse unachita pinki. Amayi opita kukawaza nsomba ankaima n'kumaloza. Ine amene ndinkati ndi zosadyeka ndinkayamba kuthirira kumeneko, anyezi pambuyo. Ndivomere, ndinkasangalala nawo.

Maluwa atafota panatsala tizipatso tatitali touma, tokhala ngati timitsuko. Ndinaphunzira kuti kobiriwira, kotseka pakamwa, sumathyola. Umadikira kachite khaki, kayasamule kunsonga n'kuonetsa mano anayi. Ukakagwedeza pafupi ndi khutu kamalira, ndipo ukachedwa mphepo imakukololera. Kwa sabata yathunthu ndinkazungulira mzerewo m'mawa uliwonse ndi kambale. Za m'ndowa zija zinali zitauma kale osabereka kanthu, ndipo mwini wake anali atasiya kuzitchula.

Tsiku lomaliza ndinafika nako kambale kodzaza n'kumuikira pamwendo. Anatenga kachipatso kamodzi, anawerenga mano aja ndi chikhadabo, n'kukapendeketsa m'dzanja. Njere zinakhuthuka. Anatembenuza imodzi, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwazitenga kuti izi?"

"Kudimba. Mzere wakumapeto."

Anapukuta m'maso ndi chitenje, kenako anaseka.

"Amayi ankadzala m'dimba momwemo, m'mbali mwa mpiru. Ndine ndakhala ndikuwapanikiza m'ndowa zaka zonsezi. Chaka chamawa mundisiyire mizere iwiri."