Nthungululu pa Nyimbo ya Maliro

Mpaka lero ndikamva mawu oti "zosangalatsa" mtima umandiwira. Ndimaphunzitsa nyimbo ndi zisudzo pa koleji ina, ndipo chaka china ndinkafufuza mmene akazi a asodzi ku Lungwena amadikirira amuna awo mwera ukavuta panyanja. Zimene ndinapeza sindinazilembe papepala. Tinazipeka nyimbo pamodzi ndi amayiwo, tikuyanika usipa pathandala.

Mayi wina wamasiye ndiye anatipatsa ndime yomaliza, ya bwato la amuna ake limene linabwerera lokha. Anandilola kukaiimba kumsonkhano wa akatswiri a maphunziro pa hotela ina ku Mangochi, koma anandichenjeza: "Aphunzitsi, iyi si ya chisangalalo. Akaimvere ngati maliro." Ndinalonjeza.

Mavuto anayambira pafoni. Mkulu wokonza msonkhano anandifunsa kuti pepala langa lili kuti. Ndinati nyimboyo ndiye pepalalo. "Nanga masilaidi?" Ndinafotokoza mpaka khutu kutentha, iwo nkumangoti chabwino, chabwino. Kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Nditafika ndinapeza andiika itangotha nthawi ya tiyi, pamutu woti zosangalatsa. Munthu wophunzira mpaka kunja, kulephera kusiyanitsa kafukufuku ndi gule wolandirira alendo! Ndinawapempha kuti asanandiitane awauze anthu chimene nyimboyo ili. Anagwedeza mutu maso ali pafoni.

Mayi wamasiye uja anabwera pa kabaza ndi minibasi, atavala mpango wake woyera, nakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Mkuluyo anatenga maikolofoni: "Takhala tikuganiza kwambiri, tsopano tipumitse mitu ndi chikhalidwe chathu!" Ndinayesa kulankhula kaye, koma makapu anali kulira, ena akutafuna samusa.

Ndinaimba. Mafoni anadzuka ngati chimanga m'munda. Pofika ndime ya bwato lija, pulofesa wina anayamba kugwedeza mapewa, ndipo mayi wina wa kutsogolo anaimba nthungululu yaitali. Mawu anali a Chichewa chomwechi, osati Chiyao choti mwina anamizire kusamva. Anthu onse anawomba m'manja mpaka kuimirira. Kenako mkulu uja anati, "Zikomo, tibwererenso ku nkhani zenizeni." Ndinapsa mtima moti ndikanatsegula pakamwa ntchito ikanandithera pomwepo.

Mayi wamasiye uja ndinamupeza panja pansi pa mtengo, nsapato zili m'manja. Ndinagwada nkuyamba kupepesa, koma anandidula.

"Sikomo, aphunzitsi, mwaimba bwino. Koma anthu aja anamva kuti bambo aja anamira?"

Anayang'ana kunyanja kwa kanthawi, nkukonza mpango wake.

"Nthungululu yowaimbira bambo aja ndinaimva kamodzi kokha, pa ndowa yathu, tsiku limene anandikwatira. Sindinadziwe kuti yachiwiri ndidzaimva atafa."