Kambale ka Madontho Pawindo la Anganga

Gwedegwede, gwedegwede. Umu ndi mmene ankalirira makina ogwedeza mabotolo mu labu ya kuesiteti ya tiyi kumene ndinkagwira ntchito. M'mabotolomo munkakhala msuzi wachikasu, ndipo mumsuzimo ndinkaweta mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Mtundu wathuwo unali wofooketsedwa dala. Sudwalitsa munthu, ndipo kunja kwa labu suchedwa kufa. Tinkaulowetsa kachidutswa ka chibadwa cha mtengo wa tiyi. Tizilomboto tikamaswana, kachidutswako kankachulukanso, mpaka ofufuza apeze kokwanira pofunafuna mitengo yopirira matenda. Tikatiwaza pa kambale ka pulasitiki, mmawa mwake pankamera timadontho, tina toyera, tina tabuluu.

Anganga ndi amene anandilera makolo anga atamwalira. Anatchola tiyi mpaka msana unapindika, ndiye sankamvetsa kuti munthu angagwire ntchito ya tiyi osanyowa ndi mame.

"Umakachita chiyani kumeneko, iwe? Undionetse," ankatero.

Tsiku lina ndinaphwanya lamulo la ku labu. Ndinatenga kambale koyenera kutayidwa, ndinakamata ndi tepi kuzungulira, n'kupita nako kwathu ku Nsabwe. Anganga anakakonda. Anakaika pawindo, ndipo aliyense wodzapempha mchere ankamuonetsa.

"Ziweto za mwana wanga izi. Inu mbuzi, iye izi."

Ine ndinkayang'ana nkhope za anthuwo. Ankaseka ndi pakamwa pokha, manja atabisa m'chitenje. Ndinaona, koma kambaleko sindinakachotse.

Mvula itakula, madzi a m'zimbudzi analowa m'chitsime cha kudambo. Anthu a nyumba zingapo anatsekula m'mimba. Enawo anachira. Anganga anadwala masiku awiri okha, n'kumwalira.

Mmawa wa tsiku loika maliro, bokosi linali litafika, azimayi akuimba m'nyumba ndi mawu ochepa. Koma kumanda kunalibe amene anapita. Kwathu munthu sakumba manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, amuna a m'mudzi amene ntchitoyo ndi yawo. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, makasu atagoneka. Mkulu wawo anali bambo wina amene kale anali kapitawo kuesiteti, yemwe ankayeza madengu a Anganga pa sikelo.

Ndinanjuta patsogolo pawo. "Bambo, dzuwa likukwera."

"Likwere. Ife si a ku labu, tilibe wotchi."

Anzawo anaseka. Mmodzi, amene tinkakhala naye desiki imodzi ku pulayimale, anandiloza ndi chibwano. "Adokotala a tizilombo, magulovesi mwatitengera? Kapena mukufuna nafenso tikagone nawo kumeneko?"

"Tizilombo timene tija sitidwalitsa," ndinatero. "Ndi chitsime. Madzi aja ndi oipa."

"Chitsime!" anakuwa akapitawo aja. "Chitsime chimenecho anamwa makolo athu atangofika kuchokera ku Mozambiki. Chinkadikira kambale kako kuti chiyambe kupha anthu?"

"Kwanunso mayi anadwala, bambo, koma kwanuko kulibe kambale."

"Anakagwira! Anganga ako anamugwiritsa mkazi wanga ndi manja awiri, ati aone ziweto. Tsiku lachitatu anali pamphasa."

Mkaziyo ndinkamuona mmawa uliwonse akutunga pachitsime chomwecho, koma ndinadziwa kuti kunena zimenezo n'kutaya malovu. Ndinalowa m'nyumba. Azimayi anasiya nyimbo pakati, ena anakoka miyendo kuti ndisawakhudze. Ndinadutsa pambali pa bokosi, ndinatenga kambale pawindo, n'kubwerera kumtengo kuja.

Kanali katauma kalekale. Za mkatimo zinali zitang'aluka ngati dothi la mu Okutobala, madontho atazilala. Ndinamatula tepi. Amuna onse anaimirira n'kubwerera m'mbuyo, wina anapunthwa pa khasu. Ndinapaka chala m'kambalemo, ndinachinyambita, n'kupakanso kachiwiri. Kukoma kwake kunali kwa mchere ndi fumbi.

"Mwaona? Ndafa?"

Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

"Njoka sifa ndi ululu wake," anatero wa ku pulayimale uja, ndipo ena anavomera ndi mitu.

Ndinayang'ana mkulu wa mpingo amene anaima chapatali ndi buku la nyimbo. Anaweramitsa nkhope, n'kuyamba kufufuza tsamba. Ndinayang'ana bambo anga aang'ono amene anachokera ku Thekerani usiku wake. Anali kumanga chingwe cha nsapato yomangamanga kale.

"Chonde, bambo," ndinatero kwa akapitawo. "Ine ndilangeni mmene mungafunire. Koma iwo aja munagwira nawo ntchito. Asagone m'nyumba tsiku lina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga mmene ankayang'anira dengu lokhala ndi masamba okhwima. Kenako anawerama, anasankha khasu limodzi pa mulu uja, analigogoda pamwala kuti lilimbe mumpini, n'kundipatsa m'manja.

"Kumanja kwa manda a mayi ako kuli malo. Mvula yagwa, dothi n'lofewa."

Anatembenuka, anakutumula fumbi kumbuyo kwa buluku, n'kulowa kanjira kodutsa m'munda wa tiyi.