Bulauzi ya Mayi Esinati

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinadulitsa mayi anga aang'ono mumpingo. Ndanena mosazungulira chifukwa nkhaniyi ndaizungulira zaka zoposa makumi anayi, ndipo ndatopa nako kuzungulirako.

Kwathu ndi kwa Likoswe, ku Chiradzulu. Mayi anga ndi mng'ono wawo, mayi Esinati, anamanga moyandikana pamalo a makolo awo, moti nkhuku zathu zinkaikira mazira kukhitchini kwawo. Amuna a mayi Esinati anapita ku migodi ya ku Joni ine ndisanayambe sukulu. Anatumiza bulangete limodzi ndi makalata awiri, kenako zii mpaka lero. Anawasiyira ana anayi ndi kamunda ka miyala, kamene chimanga chake chinkatha mvula isanagwe.

Koma kumpingo mayi Esinati sanali munthu wamba. Ndiwo ankayambitsa nyimbo m'gulu la amayi. Pamaliro alionse amayi ankakhala akunong'onezana, nyimbo zikutuluka zolefuka, mpaka wina anene kuti Esinati wafika. Akangokweza mawu, ngakhale azibambo okumba manda ankaimitsa makasu. Bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi ankaichapa payokha, ndipo m'nyumba monse munalibe chinthu china chimene ankachisamala chotero.

Ine ndinali katswiri woloweza mavesi. Ku Sande sukulu ndinapatako sopo, mapensulo, ngakhale kampango, ndipo mutu unandikula. Tsiku lina kuchitsime ndinayamba kutsanzira Lute, mwana woyamba wa mayi Esinati, amene ankachita chibwibwi powerenga. Atsikana anaseka mpaka kugwetsa ndowa. Sindinadziwe kuti mayi akewo aima kumbuyo kwanga.

"Iwe Elida," anatero, osakweza n'komwe mawu, "mavesi akowo amangothera pakamwa? Abusa athu aang'ono, tatiuzani, ndi vesi liti limati uzimuseka m'bale wako?"

Atsikana aja anatembenuza kuseka kwawo n'kuloza ine. Dzina la Abusa Aang'ono linandimamatira mpaka kusukulu. Ndinawakwiyira mayi Esinati, mkwiyo wa mwana amene wadzudzulidwa molondola anthu akuona, umene supola msanga.

Patapita miyezi iwiri ndinapita kukatola nkhuni kukhwawa, kuseri kwa nsungwi. Ndinamva fungo la madeya owola losakanikirana ndi utsi. Nditasuzumira ndinaona mbiya pamoto, yomatidwa ndi dothi, ndi paipi yodutsa m'madzi ikudonthezera m'botolo. Pambali pake panakhala mayi Esinati, maso ali ofiira ndi utsi. Ankatcheza kachasu. Anandiona ndisanathawe.

"Bwera, usaope," anatero. Anafukula chinangwa paphulusa, n'kuchinyema, n'kundipatsa mbali yaikulu. "Waona zimene waona. Ine sindimwa, ukudziwa. Pali bambo wina amabwera panjinga kudzatenga. Abale ako adye, basi."

Ndinadya chinangwacho chonse. Ndikukumbukira kuti chinali chofumbutuka bwino, ndipo ndinanyambita zala.

Ndinadzazindikira nditakula kuti theka la mudzi linkadziwa, mayi anga omwe. Koma kwathu chinthu chodziwika ndi aliyense sichinkakhala mlandu mpaka wina achinene pamaso pa akulu a mpingo. Akachimva ndi makutu awo, sakanachitiranso mwina. Anthu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankasamala pakamwa akulu akafika pakhomo.

Sabata ya Mgonero isanafike, akulu a mpingo ankayendera mabanja awiriawiri, kupereka makadi olowera ku Mgonero ndi kufunsa ngati pakhomo pali mtendere. Kwathu kunabwera a Chikopa, bambo wachikulire wofatsa, ndi a Matiki, amene anali atangosankhidwa kumene ndipo ankayenda ndi buku la malamulo a mpingo m'thumba la jekete. Mayi anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anandiitana kuti ndilakatule mavesi, monga ankachitira alendo akabwera. Ndinalakatula asanu osapunthwa.

"Koma mwana uyu ndi mphatso," anatero a Chikopa. "Uli ndi funso lililonse, mwanawe?"

Funso ndinali nalo. Ndinali nditalikonza masiku atatu.

"Kodi munthu wotcheza kachasu amaloledwa kudya Mgonero?"

Ndinafunsa maso ali pansi, manja ali pamodzi, ngati mwana wofuna kuphunzira. Mayi anauma thupi pomwepo. A Chikopa anakhosomola, n'kuyamba kukamba za mvula, ndipo ndikhulupirira kuti akanakhala okha funsolo likanafera pamphasapo. Koma a Matiki anawerama n'kundiyang'ana.

"Wamuona ndani akutcheza?"

Ndikanatha kunena kuti ndangofunsa. Mpata unalipo, mayi anali akundiyang'ana mondipempha. Ine ndinatembenuza mutu n'kuyang'ana nyumba ya mayi Esinati. Sindinatchule dzina, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, kuti pakamwa panga sipanatuluke dzina la munthu.

Atafunsidwa ku bwalo la akulu, mayi Esinati sanakane. Lamulungu lotsatira dzina lawo linawerengedwa kutsogolo, kuti adulidwa. Munthu wodulidwa ankakhala benchi la kumbuyo, osadya Mgonero, osavala zovala za gulu, mpaka atatsiriza miyezi isanu ndi umodzi ya kalasi ya obwerera. Ananyamuka pamalo pawo pakati pa amayi, n'kuyenda kupita kumbuyo anthu onse akuwaona. Nyimbo yotsatira inayambitsidwa katatu isanagwire.

Mayi anga sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Lachiwiri m'mawa anandidzutsa n'kunena kuti, "Bulauzi ya mayi ako aang'ono ikufunika ibwezedwe kwa amayi a pampando a gulu. Wayamba ndiwe, ukamalize ndiwe. Pita ukaitenge."

Ndinawapeza mayi Esinati pakhonde akuisita ndi simbi yamakala. Bulauzi yoti akukaipereka, koma ankaisita mosamala, kolala, manja, pakati pa mabatani, akuuzira phulusa kuti lisagwerepo. Ndinaima potero, kudikira kuti andilalatire. Anaipinda, n'kuikulunga m'nsalu yoyera, n'kundiika m'manja.

"Sunaname, Elida," anatero. "Ndinalakwadi, ndipo Mulungu ndinkamupepesa tsiku lililonse. Koma nyumba yanga ndi iyi, yanu ndi iyo. Bwanji sunabwere kwa ine?"

Ndinatembenuka n'kunyamuka. Ndinayenda ulendo wonse wopita kwa amayi a pampando bulauzi ikadali yofunda m'manja mwanga, ikununkhira makala ndi sopo. Amayi amene ndinkakumana nawo panjira ankayang'ana kamtoloko, kenako ine, osafunsa kanthu. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti chiphunzitso chimene mayi Esinati ankanena ndinkachidziwa pamtima, chija chakuti m'bale wako akalakwa uyambe wapita kwa iye muli awiri, musanaitane wina. Sopo wanga woyamba ku Sande sukulu ndinapata chifukwa cha vesi lomwelo.

Mayi Esinati anaswa mbiya ija. Analowa kalasi ya obwerera, ndipo sanajombepo, ngakhale ankakhala pamodzi ndi atsikana otenga mimba za pathengo, a msinkhu wa ana awo. Pofuna chakudya anayamba maganyu m'madimba a anthu, kutunga madzi ndi kutipula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lute anasiya sukulu kuti azilera ang'ono ake. Ine ndinasiya kudutsa pakhomo pawo, ndinkazungulira kuseri kwa nkhokwe. Kawiri konse anatuma Lute kudzandiitana kuti ndikadye nawo mbatata, ine n'kunamizira mutu.

Mwezi wa Juni kunabwera chiperoni cha masiku ambiri. Mayi Esinati sanasiye ganyu, ankapita m'mawa mvula yowaza ikuwagwera, atangofunda chitenje. Anayamba kukhosomola, kenako kubanika pachifuwa. Pamene azibambo a m'mudzi anawanyamula pamachira kupita kuchipatala ku Nguludi, chibayo chinali chitawagwira kale mbali zonse. Anamwalira tsiku lachitatu. Kalasi yawo inali itatsala milungu itatu.

Mayi anga anapita okha kwa akulu a mpingo kukagwada. A Chikopa analira nawo, koma lamulo linali lamulo: womwalira ali wodulidwa amangomupempherera, mpingo suimba, amayi savala zoyera. Ndiye maliro a munthu amene anaimbira mudzi wonse anayenda chete. Amayi a gulu anabwera onse, atavala zitenje wamba, milomo ikunjenjemera ndi nyimbo zimene sakanaziimba. Ulendo wonse wa kumanda tinkangomva mapazi m'matope ndi kulira kwa mwana wotsiriza. Abiti Sumani, mnansi wathu wachisilamu amene anathandiza kuphika pamaliropo, anafunsa mayi anga mokweza, anthu akumva:

"Achemwali, Esinati yemweyu? Amene anabwera kudzakhala nafe masiku atatu pamaliro a amuna anga? Palibe ngakhale mmodzi wa inu womuimbira?"

Mayi anga ananditembenukira, maso ali otupa, n'kunena motsitsa kuti, "Abusa aang'ono, muli ndi vesi la pano?" Ndiwo mawu okhawo owawa amene anandiuzapo pa nkhaniyi moyo wawo wonse, ndipo ndinawayenera.

Kwa zaka zambiri ndinkataya mlanduwu kwa ena. Ndinkati ndi a Matiki ndi buku lawo, ndi lamulo louma la masiku amenewo, ndi mwamuna uja wotchona ku Joni, ndi chiperoni. Zonsezo n'zoona, ndipo lamulo lija ndimadana nalo mpaka lero. Ndinkatinso ndinali mwana, ndipo mwana wa Mulungu sabisa tchimo. Koma ndikudziwa chimene chinali mumtima mwanga pamphasa paja. Sindinkadera nkhawa Mgonero, kapena anthu amene kachasu ankawawononga, kapena moyo wauzimu wa mayi anga aang'ono. Ndinkabwezera za kuchitsime. Ndinatola choonadi ngati mwala, chifukwa ndinadziwa kuti ukagenda ndi choonadi palibe angakudzudzule.

Tsopano ndine mayi wachikulire, ndipo bulauzi yoyera ndimavala nanenso. Lilime langa silinasinthe kwenikweni, limayabwabe ndikamva za mnzanga. Chimene ndinaphunzira ndi kudzifunsa ndisanatsegule pakamwa kuti, kodi ndikufuna munthuyu abwerere, kapena ndikufuna agwe? Nthawi zambiri yankho limandichititsa manyazi, ndiye ndimakhala chete kapena ndimavala nsapato kupita kwa mwiniwake. Atsikana a kumpingo amati ndine wofatsa. Sadziwa kuti kufatsako ndinakugula ndi maliro a munthu.

Ana a mayi Esinati anagawidwa kwa achibale. Lute sanabwerere kusukulu, anakwatiwa msanga cha ku Mbombwe, ndipo ali komweko, amagulitsa tomato pamsewu. Pamaukwati ndi pamaliro tinkapatsana moni ngati abale, osakhudza nkhaniyi. Amati chibale ndi fupa, sichiola, ine ndinkabisala kuseri kwa mwambiwo.

Chaka chatha ndinakwera kabaza kupita kwa iye, popanda maliro kapena ukwati. Ndinamupeza akusanja tomato pathandala. Ndinagwada pafumbi pomwepo, njinga zikudutsa, n'kumuuza zonse: za kuchitsime, za chinangwa, za funso limene ndinalikonza masiku atatu. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena andidzutsa n'kunena kuti zinapita, monga timachitira kumpingo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Chibwibwi chija akadali nacho, ndipo anatenga nthawi kuti mawu atuluke.

"Wabwera wekha lero?"

"Eya, ndekha."

"Kuchokera kutali konseko." Anaika tomato wina pamwamba pa mulu. "Kwa amayi kunali pafupi, Elida. Panalibe ngakhale mpanda."

Kunabwera munthu wogula, Lute n'kutembenukira kwa iye. Ndinakhalabe chogwada kanthawi, kenako ndinadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira kalekale. Lute sanatero, ndipo sindingamuuze vesi lililonse lomukakamiza.