Tsiku Limene Mandasi Anatha Msanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene kwacha yathu inagwa mphamvu. Bambo anali atamwalira, ndipo pakhomo tinkadalira mandasi a amayi, amene ndinkagulitsa pa boda ya Mchinji ndikaweruka kusukulu. Fulawa ankakagula ku Chipata, choncho ndalama zathu zinkayamba zadutsa m'manja mwa osintha ndalama.

Tsiku lina amayi ananditwika beseni nkhope ili yakugwa. "Kuyambira lero mtengo wakwera. Ukawauze ndithu, usakachite manyazi."

Makasitomala anga anali madalaivala a mathiraki, anthu a mawu aakulu, onunkha dizilo ndi thukuta. Woyamba atamva mtengo watsopano anabweza ndasi m'beseni. "Iwe, akwereranji? Mwaikamo nyama?" Anzake anaseka. Wachiwiri anangodutsa. Ndinayang'ana mandasi aja akuzizira, n'kuganiza zobwerera nawo kunyumba, mantha n'kundigwira. Ndinayambanso kutchula mtengo wakale. Dzuwa lisanalowe anali atatha psiti.

Ndinafika kunyumba ndikudumphadumpha. Amayi atamva mmene ndagulitsira sanandikalipire. M'mawa mwake ananditenga kupita kwa osintha ndalama, ndipo ndinaona ndi maso anga mulu wathu wa makwacha ukusanduka timapepala tingapo ta ku Zambia.

"Izi sizigula ndi theka la thumba lomwe," anatero amayi chapansipansi. "Mandasi atha, mwanangu, koma atha ndi mpamba womwe."

Mlungu wonsewo ndinkaona kuti geni ndaipha ndine, ndipo sukulu ndisiya basi. Amayi sanawolokenso boda. Anapangana ndi mayi wina wa ku Ludzi kuti aziwabweretsera nthochi zakupsa, n'kumakanda ndi mgaiwa wa chimanga chathu chomwe, n'kuyamba zitumbuwa. Phindu linali lochepa. Madalaivala ambiri anatithawa, koma akabaza ndi onyamula katundu, amene mandasi anali atawakulira mtengo, anatizolowera. Sukulu sindinasiye.

Lero ndili ndi kagolosale kanga pa Boma, ndipo mitengo ikayamba kugwedezeka ndimadabe nkhawa. Koma ndinazindikira kuti wamalonda sayang'ana mtengo umene anagulira katundu dzulo, amayang'ana umene akaodere mawa. Katundu akamatha msanga, ndisanasangalale ndimayamba ndadzifunsa ngati sindikumugawa.