Atikonda ndi Masipika Akufa a pa Tsangano

Tsiku limene Atikonda anachotsedwa ntchito, palibe amene anakweza mawu. A Fyson, eni malo okonzera mawailesi pa Tsangano, anangomuuza kuti mawa asabwere. Kasitomala wina anali atadandaula kuti wailesi yake yabwerako ndi zipangizo zachilendo m'kati. Wozisintha sanadziwike, koma wophunzira ntchito analipo mmodzi yekha, ndiye mlandu unagwera iyeyo.

Mayeso a Fomu 4 anali atalephera kale. Makolo analibe. Anabwerera pamsewu kukagulitsa kachewere wa azakhali ake, ndipo anthu akamuona ankasisita matumba kuti amve ngati foni ikadalimo.

Koma panali chinthu chimene sichinkamuchoka m'mutu. Masipika aja olumikiza ku foni, amene amalowa ochuluka kuchokera ku Mozambique, amafa modabwitsa. Ukawatsegula supeza chopsa kapena waya woduka, koma ali duu. Poonera mavidiyo pafoni yake yong'aluka, anaphunzira kuti m'katimo muli katchipu kamene kamasandutsa manambala kukhala nyimbo, ndipo kamatsata pulogalamu yosungidwa m'kachipangizo kena kakang'ono pambali pake. Pulogalamuyo ikasokonekera, sipika imatseka pakamwa. Mankhwala ake ndi kukopera pulogalamu ya sipika yamoyo n'kuilemba mu yakufayo.

Msuweni wake wa ku Lilongwe anamutumizira laputopu yakale ndi kachida kokoperera, kooneka ngati kopanira zovala pachingwe. Anaphunzirira pa zotola kudzala. Zambiri anazipheratu. Nyengo ya kachewere inatha, n'kubweranso, iye akadalimbana nazo.

Chinatsala ndi sipika yamoyo yoti akopereko. Nanga munthu wotchedwa wakuba angamubwereke ndani?

A Hafiz, eni golosale ina pamsikapo, anali ndi katoni yodzaza masipika akufa a mtundu umodzi, ndi imodzi yamoyo imene ankamverera Kurani ali pakauntala. Atikonda anapita kukawapempha.

"Iwe, ukuti ufuna kuyamwa za m'kati mwa yanga yabwinoyi?"

"Sindiyamwa, bambo. Ndingokopera basi."

"Onse amatero. Mawa yanga yafa, yako ikuimba."

"Ikafa mundiperekeze nokha kupolisi. Ndigwirira pakhonde pomwepa, inu mukuona."

Akazi awo, mayi Nazira, anayankhira m'kati akupima shuga. "Mulekeni ayese, bambo a Iman. Katoni yanuyo mbewa zayamba kuberekeramo."

Nkhani inamveka msanga. Anabwera a kabaza, anabwera ogulitsa kabichi, a Fyson nawonso anaima chapatali atapinda manja.

"A Hafiz, masikuluwu a sipikayo muziwerenga, angakubereni!" anakuwa wa kabaza wina, anthu n'kuseka.

Atikonda anatsegula sipika yamoyo ija, napanira kachida kake, nakopera. Anaitseka bwinobwino n'kudina batani.

Zii.

Anadinanso. Zii.

"Wayamwa! Tinanena ife!" anakuwa anthu aja.

A Hafiz anaimirira pang'onopang'ono. Atikonda anadziwa kuti akathawitsa maso pamenepo, pa Tsangano sadzagwiranso chipangizo cha munthu. Anamasulanso sipikayo onse akuyang'ana. Waya wa batire, umene anauzula yekha pokopera kuti asawononge kanthu, anali ataiwala kuubwezera. Anaulumikiza. Mawu a wowerenga Kurani uja anamveka monga mwa masiku onse.

Kenako anatenga imodzi ya m'katoni, naipukuta fumbi, nailembera pulogalamu ija. Atadina, kanyali kabuluu kanayaka, sipika n'kulira.

A Hafiz sanaombe m'manja. Anatenga masipika awiriwo, naika iyi kukhutu, naika inayo, kufuna kumva ngati yawo yachepa mawu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Mawa ubwere udzathe katoniyo," anatero. "Koma pakhonde pompano, osati m'kati."

Atikonda ali pakhondepo mpaka lero, ndi tebulo lakelake. Anthu amamubweretsera masipika, madikoda ndi mawailesi a m'galimoto kuchokera ku Kandeu, ku Nsipe ngakhale kutsidya kwa malire. Tsopano akuphunzira kusintha pulogalamu yeniyeniyo kuti mawu asamasweke sipika ikakwezedwa. Makasitomala ambiri amamuimirirabe pamutu, maso ali pa zala zake. Iye sawathamangitsa. Anawakhomera benchi kuti azionera atakhala.

Inu amene dzina lanu linadetsedwa, musadikire kuti anthu ayambe akukhulupirirani musanagwire kanthu, chifukwa mwina achedwa. Phunzirani ntchito imodzi mpaka ikulowe m'zala, ndipo muziigwirira poyera, pamaso pa okukayikiraniwo. Zikakanika koyamba anthu akuseka, masulaninso muone. Osataya mtima.