Msoti Umene A Ng'uni Sanauyamikire

A Meshack Ng'uni a ku Kambombo ndi kalipentala. Zitseko zambiri za m'midzi ya kumeneko ndi zawo, mabenchi a m'tchalitchi nawonso, ndipo palibe chitseko chawo chimene chinagwerapo munthu. Kupitirira apo palibe zambiri zonena, eni akenso sangakonde kuti zinenedwe. Anabadwira komweko, sukulu analekezera Giredi 7, ndipo ntchito ya matabwa anaiphunzira kwa mkulu wina wa ku mishoni amene ankaphunzitsa ndi mawu awiri okha: "bwerezanso" ndi "chabwino". Mawu achiwiriwo a Ng'uni anawamva katatu pa zaka zinayi. Anakula akukhulupirira kuti munthu wamkulu sapempha, sayamikira chinthu pamaso pa mwini wake, ndipo sapita kwa eni ngati kulibe maliro.

Akazi awo, a Vainess, amene onse amawatchula kuti NyaZimba, anabwera pabanja ndi sutikesi, mphasa ndi thadzi limodzi la kameta, nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi. Thadzilo anapatsidwa ndi mayi awo. Kameta si nkhuku yokongola. Imaoneka ngati wina anayamba kuisosola kenaka anaitanidwa kwina. Koma kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa sikuivuta, ndipo imalera anapiye mwaukali. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, nkhuku iliyonse ya pakhomo la a Ng'uni inali mdzukulu wa thadzi limenelo. Mayi aja anamwalira kalekale osajambulitsako ngakhale kamodzi. NyaZimba analibe chithunzi cha mayi awo, koma anali ndi nkhuku zawo. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi mbale yakale yachitsulo, kuigogoda ndi supuni, makosi ofiira aja n'kuthamanga kuchokera mbali zonse.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, a Ng'uni anapita ku boma, ku Chama, kukagula misomali. Pamsika anapeza munthu akugulitsa tambala wamkulu pamtengo wa mwanapiye. Ku Chama aliyense amadziwa kuti nkhuku yotchipa nthawi yotentha imakhala ikuthawa chitopa kwawo. A Ng'uni ankadziwanso. Koma anaona chifuwa cha tambalayo, chotambalala ngati thabwa labwino, namumanga panjinga. Atafika kunyumba anamumasula pabwalo.

Tsiku lachitatu tambalayo anayamba kuwodzera masana. Tsiku lachisanu mathadzi anali atagwetsa mapiko, makosi atapindika. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi a Ng'uni anali atakwirira nkhuku makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi kuseri kwa shedi yawo ya matabwa.

NyaZimba sanakalipe. Anatsuka mbale ija, naipachika pakhoma, pa msomali umodzi wa misomali yogulidwa tsiku lomwe lija. Ananena chinthu chimodzi chokha.

"A Ng'uni, Cathrine asamve."

Cathrine ndi mng'ono wawo, wokwatiwa ku Chikwa. Naye anapatsidwa thadzi lake la kameta ndi mayi omwewo, ndipo kwa zaka zonsezi NyaZimba ankati nkhuku za Cathrine n'zoyendayenda ngati mwini wake, mtundu wa amama udzathera m'manja mwake.

Dzinja lonse pakhomopo panalibe chopalasa. Chakudya chinkafika pa nthawi yake, madzi osamba chimodzimodzi, ndipo a Ng'uni akanakonda atakalipiridwa. Anatentha khola lakale, namanga lina pamitengo italiitali, ndi chitseko cha mahinjesi oposa a chitseko cha nyumba yogona. Kenaka anapita kwa mlangizi wa ziweto, mtsikana wochokera ku Kabwe dzina lake Maggie.

"Mufune misoti, atate, ya miyezi inayi kapena isanu, imene siinayambe kuikira," anatero Maggie. "Maso owala, mphuno youma, lipombo lofiira. Muitembenuze, muone kumbuyo ngati kuli koyera. Muone m'mapiko ngati mulibe utitiri. Mukabwera nayo, ikhale payokha masabata awiri, ndiye mundiitane ndidzaidonthezere katemera m'diso. Ndipo pamsika musagule."

"Ndamva."

"Ee, ndinamva kuti munamva kale."

A Ng'uni analemba zonsezo ndi pensulo pa kachidutswa ka thabwa, nakaika m'thumba la jekete.

Kupeza msoti kunakhala nkhani ina. Ku Kambombo chitopa chinali chitasesa makomo ambiri. Amene anatsala ndi nkhuku ankagulitsa atambala ndi mathadzi otopa. Msoti wabwino munthu sagulitsa, chifukwa ndiwo mawa la khola. Umachoka pakhomo njira imodzi yokha: mwini wake akaupereka kwa mlendo. Ndipo a Ng'uni anali asanakhalepo mlendo wa munthu kuyambira chaka chimene anakwatira.

Mwezi wa Meyi, mitsinje itaphwa, anthu akumweta mpunga, anamanga dengu lokhala ndi chivundikiro kumbuyo kwa njinga.

"Ndikukaona matabwa ku Tembwe," anatero.

NyaZimba anayang'ana dengulo.

"Matabwa a masiku ano ndi aafupi," anatero, nalowa m'nyumba.

Ku Tembwe anafikira kwa msuweni wawo Fred Mtonga, amene atawaona anaimirira n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Atamva kuti palibe, anakhala pansi modabwa kwambiri. Pabwalopo panali msoti wakuda, wonyezimira, wopalasa mwachangu. Sunali kameta, koma khola lopanda kanthu silisankha. A Ng'uni anauyang'ana maso, mphuno, miyendo, ndipo zonse zinagwirizana ndi za pa thabwa lija. Anaganiza kuti nkhani yopempha iyenera kukhala ndi poyambira, choncho anachita chinthu chimene anali asanachitepo.

"Msoti uwu ndi wabwino," anatero. "Wabwino kwambiri."

Fred anayang'ana mkazi wake Deborah. Deborah anadzuka mwakachetechete napita kuseri. Kunamveka kukupiza kwa mapiko, kulira kamodzi, basi. Madzulo a Ng'uni anapatsidwa mpunga ndi nkhuku, nthutumba ili pamwamba monga ayenera mlendo wolemekezeka.

"Idyani, asuweni," anatero Fred. "Zaka zonsezi sindinamvepo mukuyamikira kanthu. Tikanausiya wamoyo, anthu akanati chiyani?"

A Ng'uni anadya. Unalidi msoti wathanzi, mpaka m'mafupa.

M'mawa mwake anaima pakhomo pa a Hosea, mkulu wa mpingo amene anawapangirapo tebulo. Apa anasamala pakamwa. Panali msoti wa mawangamawanga, ndipo iwo anangouyang'ana nthawi yaitali ndithu. A Hosea ndi munthu wa maso. Masana a Ng'uni anadyanso nthutumba.

Anachoka ku Tembwe dengu lili lopanda kanthu, lamba atamasula bowo limodzi. Pa masiku awiri anali atapeza misoti iwiri yabwino koposa m'dera lonselo, ndipo yonse inali m'mimba mwawo. Patsogolo panatsala khomo limodzi, la Cathrine, lomwe analetsedwa lija. Anaima pansi pa mtengo kwakanthawi, nalozetsa njinga ku Chikwa. M'njira anakonza nzeru: akafika sayamikira, sayang'ana, ndipo za chitopa sanena. Mlamu akafuna kupatsa mlendo nkhuku ya paulendo, apereka yekha.

Anapeza Cathrine akupeta mpunga pabwalo. Ndi mkazi wamfupi, wa mawu omveka kutsidya la mtsinje.

"Iyayi! Mulamu wanga! Mwasochera? Kapena akulu anga akuthamangitsani, mwabwera kukwatira ine?"

"Ndimadutsa chabe, mulamu. Za matabwa."

"Matabwa m'dengu. Khalani pansi, amuna anga, mwatopa."

A Ng'uni anakhala pampando umene mwendo umodzi unali waufupi. Ndipo pomwepo, kuchokera pansi pa nkhokwe, inatuluka misoti iwiri ya kameta, makosi ofiira ngati tsabola, kuyenda kwake kuja kotukula mutu kumene iwo anakuona pakhomo pawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. A Ng'uni anatembenuza mpando nayang'ana mtengo wa mango. Misoti inazungulira n'kubwera kutsogolo kwawo. Iwo anayang'ana denga. Wina unajompha chingwe cha nsapato yawo. Iwo anayamba kufunsa za mvula ya chaka chino.

"Nkhuku zanga mwaziona, mulamu?" anafunsa Cathrine.

"Sindinazione."

"Ili pa phazi lanu."

A Ng'uni anatsitsa maso pang'ono, nawabweza msanga.

"Yoonda," anatero. "Yonyansa. Ikuoneka yowawa nyama."

"Ndiye manje tiichotse, isanyansire alendo."

Cathrine anawerama kamodzi kokha, msoti uli kale m'manja. Anaupanikiza mapiko ndi phazi, nasolola mpeni umene unali pansi pa lichero.

"Mulamu," anatero a Ng'uni.

"Musavutike, sizitenga nthawi. Khosi lake ndi lometa kale."

"Mulamu, ndadya nkhuku dzulo ndi dzana. Ndakhuta."

"Za kwa eni izo. Kuno ndi kwa mkazi wanu wamng'ono, mudya."

Mpeni unafika pakhosi. A Ng'uni anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Musaphe," anatero. "Ndikupempha. Nkhuku za akulu anu zinafa zonse. Ndinazipha ndine, ndinabweretsa tambala wa chitopa. Za amama palibe yatsala, ngakhale imodzi. Anandiuza kuti musamve. Ndikupempha msoti umenewo wamoyo."

Anali mawu ambiri kuposa amene analankhula pa ukwati wawo womwe.

Cathrine anawayang'ana, mpeni uli m'manja. Kenaka anauponya pansi naseka mpaka kukhala pa thumba la mpunga.

"Mulamu! Nkhani ya tambala wanu inafika kuno mvula isanagwe! Anabwera nayo wogulitsa nsomba. Ya ku Tembwe yafika m'mawa uno pafoni, akuti kukubwera munthu wotha misoti ndi maso. Ndiwo zanu zili kale pamoto kuseri, ndi tambala wokalamba uja amandidzutsa usiku. Mano mwabwera nawo?"

"Ndiye mpeniwo..."

"Ndimafuna ndimve ngati pakamwa panu pamatseguka. Zaka makumi atatu, mulamu, simunandipemphepo ngakhale madzi." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Misoti iwiriyi ndinaisunga dala. Ankafuna kuigula aphunzitsi, ndinakana. Ndimadikira kuti akulu anga anene okha. Koma aja sanganene, anatengera amama."

A Ng'uni anatulutsa kathabwa kaja m'jekete. Anatenga msoti woyamba, nauyang'ana maso, mphuno, m'mapiko, nautembenuza. Anachitanso chimodzimodzi ndi wachiwiri.

"Ha! Mukupima nkhuku zanga, inu?" anatero Cathrine. "Inu amene?"

"Ndi malangizo."

"Ndiye mwapeza chiyani, adokotala?"

A Ng'uni anayang'ana mpeni uli pansi paja, naganiza bwino.

"Zilibe vuto," anatero.

Tambala uja anamutafuna mpaka dzuwa kupendeka. Asananyamuke m'mawa mwake anakonza mwendo wa mpando.

Ulendo wobwerera unatenga masiku awiri. Ankaima pamthunzi uliwonse wabwino kumwetsa misoti madzi a m'botolo lawo, ndipo ku Tembwe anadutsa osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Atafika kunyumba sanapite kukhola latsopano. Analowetsa dengu m'shedi ya matabwa, mmene anatchinga ngodya imodzi ndi waya, natsegula chivundikiro.

NyaZimba anabwera naima pakhomo la shedi. Anayang'ana makosi ofiirawo nthawi yaitali.

"Matabwa mwawapeza," anatero.

"Awiri."

"Cathrine wamva."

"Anali atamva kale. Komanso ndamuuza ndekha."

"Anaseka?"

"Kwambiri."

NyaZimba analowa, nagwira msoti umodzi, naupapasa pachifuwa ndi chala, nauika pansi.

"Sazidyetsa bwino," anatero. "Ndinkanena ine."

Kenaka anatuluka. A Ng'uni anatumiza uthenga kwa Maggie wa za katemera, nayamba kupala thabwa la chitseko cha munthu wina chimene chinachedwa sabata yathunthu.

M'mawa mwake akunola chipangizo chawo chopalira, anamva phokoso kuchokera kuseri kwa shedi: supuni ikugogoda mbale yachitsulo. Nkhuku ziwiri zotsekeredwa m'waya sizifunika kuitanidwa, zinali pomwepo. A Ng'uni anadziwa zimenezo, napitiriza kunola.