Ming'oma ya Tenesi pa Phiri la Midzi Inayi

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Tenesi NyaMhango.

Chaka chomwe malire a nkhalango ya nyama anafutukuka anthu n'kusamutsidwa, lole ya boma inamutsitsa m'tsinde mwa phiri lina kuseri kwa Bolero. Anali wamasiye, ali ndi ana atatu ndi sompho ya malemu mwamuna wake, yemwe ankagoba ming'oma ya njuchi. Eni mudzi anampatsa kamunda m'mbali mwa mtsinje, n'kumuchenjeza kuti akangovuta achoka.

Phirilo linali la midzi inayi, ndipo yonse inkagwetsa mitengo ngati yachita kubetcherana. Sikuti ankafuna nkhuni ayi. Anthu anali ataona kuti boma latenga malo a mitengo yambiri, ndiye anati phiri likakhala lampala palibe adzalisirire. Mantha ndi mlangizi woipa zedi.

Mvula itabwera, madzi anatsika ndi miyala n'kukokolola chimanga chonse cha Tenesi. Chilimwe mtsinje unaphwa. Mayiyu analira, kenako anayankhula pachitsime kuti mitengo ikasiyidwa madzi abwerera.

Mawuwo anafika kumtunda iye asanatule ndowa.

"Mama ameneyu watumidwa," anatero Mackson Chirambo, katswiri wa nkhwangwa wa mudzi wakumtunda. "Akufuna phiri liphukire kuti agemu olondera nyama aja adzatithamangitse ngati momwe anachitira kwawo."

Kuyambira pamenepo, Tenesi akafika, nkhani zinkatha. Kuitanitsa msonkhano sakanayerekeza, pakuti masiku amenewo anthu kusonkhana achipani osadziwa kunali kudziputira chitokosi.

Anatenga sompho ija n'kuyamba kugoba zipika zomwe anzake anazisiya kuti ziwole. Ming'oma yoyamba inang'aluka. Njuchi zoyamba zinathawa utsi wa moto wolusa. Manja anachita matuza, koma sanaleke, mpaka anafula uchi wake woyamba.

Tenesi ankadziwa mwambo wa kwawo kumapiri: mtengo wokhala ndi mng'oma sudulidwa, ndipo mwini njuchi salola moto kuyandikira. Choncho anayamba kugawa ming'oma, munthu mmodzimmodzi, ponong'ona kumaliro ndi kuchigayo. Koma anali wochenjera. Mng'oma wa munthu wakumtunda ankaupachika kumunsi, wa wakumunsi n'kuupachika kumtunda.

Mackson anausuzumira wake nthawi yaitali.

"Mwaikamo vichi, mama?"

"Mulowa njuchi zokha, adada."

Uchi woyamba anayamba wanyambititsa galu. Ataona kuti galuyo wadzuka bwinobwino, anapempha mng'oma wachiwiri.

Tsiku lina moto unabuka kumunsi, ndipo anthu akumtunda anatsika chothamanga ndi masamba aawisi. Musati chinali chikondi, ankathamangira uchi wawo. Koma chaka chotsatira midzi yonse inayi inalambulira pamodzi njira yotchinga moto, popanda woitana msonkhano. Zitsa zinaphukira. Patapita zaka, mtsinje unayenda mpaka mu Okutobala.

Ndiyeno kunatulukira galimoto ya boma.

"Suja tinkanena," anthu ananong'onezana. Ena anathamangira kwa Tenesi n'kumutulutsira katundu pabwalo. Mackson anasolola nkhwangwa kuti phiri limetedwenso lisanalandidwe.

M'galimotomo munatsika mlangizi wa zankhalango, mkulu wa ku Ntcheu. Anayang'ana phiri lonse, n'kufunsa: "Nkhalango imeneyi mwini wake ndani?"

Aliyense ankaopa kuti akayankha akwera galimotoyo. Tenesi anadziwa kuti akasamutsidwanso alibe kolowera.

Mackson anayang'ana nkhwangwa yake, n'kuyang'ana mtengo womwe akanayamba kudula. Munali mng'oma wake.

"Mtengo uliwonse pano uli ndi mwini wake, bwana," anatero. "Uwu ngwanga."

"Uwo ngwanga," anatero mayi wakumunsi. Zala zinayamba kuloza phiri lonse.

"Ndiye musunge," anatero mlangiziyo. "Ine ndatsata madzi. Mitsinje ina yonse yauma, ndimafuna ndione kuti uno ukuchokera kuti."

Galimoto itachoka, Mackson anasenza yekha katundu wa Tenesi n'kumubwezera m'nyumba. Pakhomo anavula chipewa.

"Yewo chomene, mama. Mutikhululukire."

Tenesi anakalambira pamalo pomwepo, ndipo palibe anamutchulanso wobwera.

Mwina nanunso akukukayikirani pa chabwino chomwe mwayamba. Musalimbane nawo pakamwa. Gobani mng'oma wanu, mupatseko ngakhale amene akukunenani. Osataya mtima, tsiku lina adzaloza ntchito yanu n'kunena kuti ndi yawo.